Kapisitolo ka 6.35 kakumakanirira khoko: ndidule sipuling'i?

Wa_ku_Matawale

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali kapisitolo kachikale ka m'thumba, ka zipolopolo za 6.35 mm, magazini yake yolowa zipolopolo 6. Mapepala ake ali bwinobwino. Vuto lake, kakangowomba pang'ono khoko la chipolopolo chowombedwa limakanirira potulukira litaima chilili, slide (chitsulo cha pamwamba choyenda kumbuyo ndi kutsogolo) osatseka. Nthawi zina chipolopolo chotsatira chimagunda m'munsi mwa khomo la mpope n'kuima chopendama. Chiyambire mvula, pa slide payambanso timadontho ta dzimbiri.

Wina akuti sipuling'i yobwezera slide yalimbitsa, ndidulepo pang'ono. Wina akuti ndipale ndi fayilo polowera chipolopolo. Ndisanakhudze kanthu ndikufuna ndimvetse kaye, chifukwa mkatimu sindikuonamo loko wina aliyense wogwira slide pamene kakuwomba. Kwenikweni imagwidwa ndi chiyani?

Mmisiri_Chinamwali

Achimwene, fayiloyo ibwezereni m'bokosi, sipuling'inso isiyeni momwe ilili. Maso anu sanakunamizeni, mulibemodi loko. Timapisitolo tambiri ta 6.35 tinatengera nzeru za John Browning, amene anakonza chipolopolo chimenechi mu 1905. Kampani ya FN ku Herstal, m'dziko la Belgium, ndi imene inatulutsa kamfuti kake komwe ambiri amakatchula Model 1906, ndipo Colt ku America inapanga kofanana nako mu 1908. Kapangidwe kameneka amati blowback. Mpope sugwedezeka pamalo pake, ndipo chimene chimatsekera khoko kumbuyo ndi kulemera kwa slide basi, sipuling'i ikungothandizira.

Onga ukayaka, mpweya wake umakankha mbali ziwiri ndi mphamvu yofanana: mutu wa chipolopolo kutsogolo, khoko kumbuyo. Mutuwo ndi wa magalamu 3.2 okha, umatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 230 pa sekondi, ndipo mpope womwe umadutsamo ndi wa masentimita 5 ndi pang'ono. Slide imalemera kuposa mutuwo kutalitali, ndiye imachedwa kunyamuka. Zili ngati munthu kudumpha m'bwato padoko la Kachulu: mwiniwake wafika kale pamtunda, bwato likungoyamba kumene kubwerera m'mbuyo. Mutu ukamatuluka, slide imakhala itasuntha milimita imodzi kapena iwiri yokha, khoko likadali m'chipinda chake chomwe timati chamber. Mpweya ukatha mphamvu, slide imapitiriza ndi liwiro lomwe yatenga kale.

Tsono taonani ntchito zomwe kamphamvu kameneko kayenera kugwira. Kutulutsa khoko, kuliponya kunja, kutchera striker (kachitsulo komenya chipolopolo kuti chiwombe), kufinya sipuling'i, kudutsa chipolopolo cha pamwamba m'magazini, kenako kubwerera n'kuchikankhira mu chamber. Chipolopolo chonse ndi chotalika mamilimita 23, ndipo ulendo wa slide umangoposa pamenepo pang'ono. Pisitolo yaikulu imakhala ndi mphamvu zotsala, ikhoza kuda koma n'kumawombabe. Kakang'onoka kalibe zotsala. Chilichonse chobako mphamvu, kaya ndi mwaye, kaya dzimbiri, kaya dzanja lofooka, chimaonekera nthawi yomweyo pa khoko.

Za kudula sipuling'i: sipuling'i ikakalamba imafooka, siilimba. Ngati palibe amene anaikamo ya mfuti ina, yanuyo singakhale yolimbitsa. Mukaidula, slide imakamenya fulemu mwamphamvu kuposa momwe anakonzera, ndipo chitsulo cha zaka 80 kapena 100 chimang'aluka. Pobwerera imabwera yofooka, osatseka mpaka kumapeto. Mfuti yowomba isanatseke bwino imaphulitsira khoko pambali, pafupi ndi nkhope ya mwini wake.

Fayilo ndiye yoopsa kuposa. Kamtunda komwe chipolopolo chimakwererapo kamathera m'kamwa mwa chamber. Mukapala, mwachotsa chitsulo chomwe chimachirikiza khoko m'munsi. Khoko limayamba kutupa mimba, tsiku lina n'kuphulika, moto wake n'kutsikira m'magazini momwe muli zipolopolo zina, m'dzanja mwanu momwemo. Chitsulo mukachipala sichibwereranso.

Chinthu chimodzi chimene chimaphunzitsa zambiri: Beretta 950 ilibe n'komwe kambedza kokokera khoko. Khoko limadzikankha lokha ndi mpweya, ndipo mpope wake umatukuka m'mwamba kuti munthu aikemo kapena kuchotsamo chipolopolo ndi zala. Kutanthauza kuti mu blowback khoko ndi limene limakankha slide, si slide imene imakoka khoko. Ndiye likamakanirira, poyamba penipeni yang'anani makoma a chamber. N'chifukwa chakenso kapangidwe kameneka kamathera cha pa zipolopolo za .380 ndi 9×18 ya Makarov. Kupitirira apo, monga pa 9×19, slide ikanafunika yolemera mosayenerera m'thumba, ndiye opanga ambiri amaika loko womanga mpope ndi slide pamodzi kwa kanthawi.

Che_Sadzi

A Mmisiri afotokoza bwino. Ine ndingoyala ndondomeko yofufuzira, chifukwa mwatchula matenda awiri osiyana, ndipo aliyense ali ndi gwero lake.

Musanayambe chilichonse: magazini ituluke kaye, kenako kokani slide, yang'anani mu chamber ndi maso, lowetsaninso kachala. Mukayamba ndi kukoka slide magazini ili momwemo, mwangolowetsa chipolopolo china. Zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china cha nyumba pamene mukugwira ntchito. Palinso ichi chimene ambiri sachidziwa. Pa FN 1906, Colt 1908 ndi zina zotengera izi, nsonga ya striker ndi imene imagwiranso ntchito yoponya khoko kunja. Mukamatulutsa chipolopolo chamoyo, nsongayo imakhala pafupi ndi primer, kabatani ka kumbuyo kwa khoko koyatsa onga. Kokani modekha, mpope utaloza kopanda munthu, ndipo chikhatho chisaphimbe potulukira n'cholinga choti muwakhe chipolopolocho. Chisiyeni chigwere pansalu.

Khoko loima chilili limatanthauza kuti slide siinafike kumapeto, kapena khoko linapulumuka m'kambedza lisanaponyedwe. Chotsani mpope, muunike mu chamber ndi tochi. Mukaonamo mkombero wakuda kapena timaenje ta dzimbiri, mwapeza wakuba wamkulu: khoko likatupa ndi moto limamatirira m'timaenjemo. Mpope ukadali kunja kwa mfuti, gwetseranimo chipolopolo chatsopano. Chizilowa chokha ndi kulemera kwake, ndipo mukazondotsa mpope chizigwa chokha. Chikafuna kukankhidwa ndi chala, chamber siinayere.

Kenako kambedza. Pansi pa dzino lake pamaunjikana mwaye wouma ndi tizidutswa ta mkuwa, dzinolo n'kulephera kuluma mlomo wa khoko. Kamtengo kotokosera m'mano n'kokwanira kuchotsa. Mukakankha kambedzako ndi chala kazibwerera msanga kokha.

Chachitatu ndi zipolopolo zenizenizo. Za 6.35 zomwe anthu amasunga kuno zambiri zagona zaka m'madirowa, zina zinachita kubiriwira. Onga wolowa chinyontho kapena oyilo umayaka mofooka, slide n'kuthera panjira. Tolani makoko omwe mwawombera muwayale patebulo. Lodetsedwa ndi mwaye mbali imodzi likunena kuti mphamvu inachepa, khoko silinatupe mokwanira kuti litseke. Lokandikakandika likunena za chamber. Lotupa mimba chakumbuyo likunena kuti musiyiretu kuwombera mpaka katswiri aione.

Chachinayi ndi dzanja. Kamfuti aka kamagwirika ndi zala ziwiri zokha pansi pa chokhethemulira. Mkono ukakhala wolobodoka, fulemu imabwerera limodzi ndi slide, mphamvu n'kutayikira pamenepo. Chala chachikulu chikamakhudza slide m'mbali, chimaibweza liwiro. Komanso amanja akuluakulu asamale, slide imacheka kachikopa ka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Tsopano chipolopolo chopendama. Apa nthawi zambiri wolakwa ndi magazini. Milomo iwiri ya pamwamba ndi imene imalamula ngodya yomwe chipolopolo chimanyamukira. Magazini ikagwa pasimenti kamodzi kokha, mlomo umapindika mosaoneka ndi maso koma mokwanira kusokoneza. Yang'anani kumbuyo kwa milomoyo ngati kuli mng'alu. Phwasulani magazini, pukutani mkati ndi nsalu youma, musathiremo oyilo. Kuti mudziwe ngati sipuling'i yake yatopa, ikanimo zipolopolo 3 zokha, kenako 6, muone pomwe vuto likubwera. Likamabwera pa zomaliza, sipuling'i yafooka, ikuchedwa kukweza chipolopolo slide isanabwerere. Likamabwera pa choyamba magazini ili yodzaza, kayikirani milomo kapena kachitsulo konyamulira zipolopolo.

Chipolopolo cha 6.35 chili ndi khalidwe lakenso. Mlomo wake wakumbuyo ndi wotambalala pang'ono kuposa thupi, pafupifupi mamilimita 7.7 pamene thupi ndi 7.1. Poika m'magazini, mlomo wa chapamwamba uyenera kukhala kutsogolo kwa mlomo wa chapansi. Ukagwera kumbuyo, ziwirizo zimakolana ndipo slide imalephera kukankha. Zimachitika kwambiri ndi zipolopolo zazifupi za mutu wobooka, chifukwa zimapeza mpata woyendayenda m'magazini. Timfuti takaleti anatikonzera za mutu wobulungira wokutidwa ndi mkuwa. Mukamaika, chilichonse muzichikankhira mpaka kukhoma lakumbuyo.

Mayi_a_ku_Mulunguzi

Nkhani ya dzimbiri musaitenge ngati yongokongoletsa, bambo. Dzimbiri lomwe mukuliona kunja lili ndi anzake mkati. Zomba ndi malo ovuta kusungako chitsulo: mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako nkhungu yotsika m'phiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Nyumba za m'munsi mwa phiri makabati ake amachita chuku ngakhale pa nsapato. Thumba lachikopa ndiye mdani weniweni, limamwa chinyontho ndi thukuta n'kumazisunga zitagundana ndi chitsulo. Sokosi ndi nsalu ya thonje n'chimodzimodzi.

Katsukidwe kake nkotere. Yambani mwachotsa zogwirira za m'mbali. Zakalezo ndi za labala wouma, zimathetheka msanga, ndiye sikuludiraiva ikhale yokwana ndendende m'mutu mwa sikuluwu, ndipo pobwezera musamange mwamphamvu. Phwasulirani m'beseni kapena pa thaulo loyera, chifukwa sipuling'i ya striker ikapulumuka imauluka, ndipo mukaitaya simukaipeza pamsika. Jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse kuti pobwezera musasokoneze.

Zitsulo zoumirira ndi girisi wakale zinyikeni m'palafini kwa mphindi 20 kapena 30, tsukani ndi mswachi wakale, pukutani mpaka ziume. Mpope muziutsukira kuchokera ku chamber kupita kutsogolo, ndi burashi ya mkuwa yokwana 6.35, kenako tinsalu mpaka kotsiriza katuluke koyera. Kukamwa kwa mpope kusakandike, chifukwa mutu wa chipolopolo umatsanzikana ndi mizere pamenepo, ndipo pakawonongeka mfuti imamwaza. Ngati mwawombera zipolopolo zakale kwambiri, primer yake ikhoza kukhala ya mtundu wosiya mchere mumpope. Mchere umenewo oyilo sausungunula. Thiranimo madzi otentha, umitsani bwinobwino, kenako oyilo.

Timadontho takunjato dontheziranipo oyilo, tigone usiku umodzi, kenako pukutani mopepuka ndi steel wool yosalala kwambiri, ya 0000, ikadali yonyowa ndi oyilo. Yokwechera mapoto ija ayi, sandipepala ayi: zimachotsa utoto wakuda wa chitsulo, ndipo poyera pamenepo dzimbiri limabwerera mwaukali. Pomwe dzimbiri linadya kale padzatsala kachipsera, kasiyeni.

Oyilo ndi wochepa zedi. Dontho limodzi mbali iliyonse ya njanji momwe slide imayenda, lina kunja kwa mpope, lina pa kamtengo ka sipuling'i, n'kufalitsa ndi chala. Ngalande ya striker ikhale youma. Mukathiramo oyilo amasakanikirana ndi mwaye n'kukhala phala, striker imamenya mofooka, ndipo mfuti ikaimikidwa oyiloyo amatsikira pa primer. Oyilo wa mfuti akasowa, wa makina osokera amagwira ntchito. Mafuta ophikira amauma n'kumata ngati ulimbo, WD-40 ndi wothamangitsira madzi chabe, sakhalitsa pa zitsulo zokhulana.

Posunga, ikani m'bokosi lachitsulo lokhoma, mfuti ili yopanda chipolopolo, zipolopolo kwina, makiyi kutali ndi ana. Ikanimo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, muzitiumitsa pamoto wochepa mwezi ndi mwezi. M'dzinja muziitulutsa milungu iwiri iliyonse n'kuipukuta ndi kansalu ka oyilo, ndipo mukatero musaigwirenso ndi manja osavala kanthu, zidindo za zala ndi zimene zimayamba kuchita dzimbiri.

Wa_ku_Matawale

Zikomo kwambiri nonse. Mu chamber munalidi mkombero wakuda, ndipo tsopano chipolopolo chikulowa ndi kugwa chokha. Koma ndaona zina ziwiri. Dzino la kambedza laphwanyika kunsonga, ndipo chokhethemulira chikupepuka kwambiri, kungochikhudza striker yapita. Kodi amisiri a leti (makina osemera zitsulo) m'tauni muno sangandisulire kambedza kena?

Mmisiri_Chinamwali

Imani pomwepo, achimwene. Kambedza kangadikire, koma chokhethemulira chopepukacho ndi nkhani ya moyo. Mfuti imeneyi isalowenso chipolopolo kufikira itaonedwa.

Mu timfuti ta mtundu uwu, slide ikatseka striker imakhala yotchereka kale, sipuling'i yake itafinyika. Chimene chimaigwira ndi kachitsulo kotchedwa sear, ndipo pomwe ziwirizi zimalumana ndi pang'ono kwambiri, osakwana n'komwe milimita. Kulimba kwa zitsulo zimenezi nthawi zambiri kumakhala kwa pakhungu pokha, pansi pake ndi chitsulo chofewa. Khungulo likaperepeseka, kapena wina akalipala kuti chokhethemulira chifewe, ngodya imabulungira ndipo kutha kwake kumathamanga. Zotsatira zake ndi ziwiri: mfuti kuwomba yokha ikagwa kapena slide ikamenya potseka, kapena kuwomba kawiri katatu munthu atakoka kamodzi. Kamfuti kogwirika ndi zala ziwiri kakayamba kuthamanga chotero, palibe amene angakawongolere. Mfuti zotchipa zotengera kapangidwe aka zomwe zinkapangidwa zambirimbiri m'zaka za m'ma 1920 ndi zimene zimadwala kwambiri matendawa, chifukwa chitsulo chake chinali chofewa. Musadalirenso safety, kachitsulo kotsekera mfuti kuti isawombe, pamenepa. Pa mitundu ina imangotseka chokhethemulira, striker osaigwira.

Za amisiri a leti, ayi. Si kuti alibe luso. Kambedza ndi sear zimafuna chitsulo cha mtundu wake ndi kawotchedwe koyezedwa. Chikalimbitsa chimathetheka ngati mmene lachitira dzino lanulo, chikafewa chimatha msanga. Komanso mungawaike m'mavuto anthu osalakwa. Lamulo la mfuti m'dziko muno, Firearms Act, sililola munthu wamba kupanga mfuti, ndipo chiphaso chanu ndi chosungira mfuti imeneyo ndi nambala yake, si chotsegulira shopu yosula zida zake. Anthu amamangidwa chifukwa cha gogodela yosulidwa kumudzi, ndiye musaganize kuti za pisitolo angazione mopepuka. Pitani ku polisi komwe mumakonzetsa chiphaso, mufunse njira yofikira kwa armourer (katswiri wokonza mfuti) kapena wogulitsa mfuti wovomerezeka, ndipo zida zobwezeretsa zidzere kwa iyeyo. Kuitanitsa nokha pa intaneti kuti zibwere pa positi ndi njira yokakumana ndi mafunso ovuta. Poinyamula ikhale yopanda kanthu, m'bokosi, chiphaso chili m'thumba. Ndipo potsuka dzimbiri pafupi ndi nambala samalani, nambalayo isafufutike.

Akakuuzani kuti zida zake sizikupezeka, vomerezani. Mfuti yotere ndi bwino kuipereka ku polisi mwadongosolo kusiyana n'kuisunga m'nyumba muli ana.

Che_Sadzi

Ndikugwirizana nazo, kupatula pamodzi. A Mmisiri anati sipuling'i isiyidwe momwe ilili. Kusaidula n'zoona, koma ngati mfutiyo ikupita kale kwa armourer, apempheni asinthe zonse zitatu nthawi imodzi: yobwezera slide, ya striker ndi ya magazini. Zitatuzi zimagwira ntchito mogwirizana. Mukaika yobwezera slide yatsopano magazini ili ndi yotopa, slide imabwerera msanga kuposa mmene chipolopolo chikukwerera, ndipo kupendama kuja kumachuluka m'malo mochepa. Sipuling'i yopindika, yadzimbiri, kapena yomwe mizere yake yatalikirana mosiyana, imeneyo yatha ntchito ngakhale ikuoneka yamphamvu.

Ikadzabwera, pokaiyesa pamalo ovomerezeka valani magalasi ndi zotseka m'makutu, muyambe ndi chipolopolo chimodzi chokha m'magazini, kenako ziwiri. Sear ikakhala kuti ikadali ndi vuto, ziwirizo ndi zimene zidzakuuzeni popanda ngozi yaikulu. Mukakoka n'kungomva "kha" osawomba, musatsegule msanga: lozanibe kutsogolo masekondi 30, chifukwa primer yakale nthawi zina imachedwa kuyaka. Mukamva kulira kofooka kosiyana ndi kwa masiku onse, musawombenso. Chotsani magazini, tsimikizani kuti mu chamber mulibe kanthu, chotsani mpope muunike. Mutu ukhoza kukhala utatsakamira mkati, ndipo chipolopolo chotsatira chikaupeza mmenemo mpope umatupa kapena kung'ambika. Woutulutsa akhale armourer yemweyo, ndipo zipolopolo zotsala za paketi imeneyo mupite nazo limodzi akazione.